Wamisala anaona nkhondo, koma ndani akumulipira?

Tsiku limene ndinaperekeza msuweni wanga kuchipatala atasokonezeka mutu, munthu amene anatithandiza kwambiri sanavale yunifolomu. Tinafika mbandakucha, ine nditanyamula buku lake la kuchipatala, iye atandigwira dzanja ngati mwana, ndipo tinakhala pa benchi yolakwika mpaka dzuwa linatentha. Mayi ena achikulire amene anakhala kumapeto kwa benchiyo ndiwo anatiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, pamenepa mukhalapo mpaka madzulo. Tiyeni ndikakusonyezeni." Tikuyenda anatembenukira kwa msuweni wangayo, osati kwa ine, n'kumuuza kuti mankhwala amene akalandire akhoza kumuumitsa khosi ndi kumutulutsa dovu masiku oyamba, asakachite mantha, akanene, chifukwa alipo ena othetsa zimenezo. "Ine ndakhala ndikumwa zaka zambiri," anatero. Msuweni wanga, amene anali asanatulutse mawu omveka kuyambira dzulo lake, anafunsa kuti, "Inunso mumamva mawu, mayi?" Iwo anaseka. "Masiku ano amachita ulesi."

Mayi amenewa amandibwerera m'mutu ndikamaganizira za anthu amene ali kutali kwambiri ndi benchi ija, Alatino a ku United States. Awa ndi anthu amene iwo eni kapena makolo awo anachokera ku Mexico, Puerto Rico, Cuba, El Salvador, Guatemala ndi mayiko ena a chigawo chimenecho. Kalembera wa 2020 anapeza kuti alipo oposa 62 miliyoni, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu asanu alionse m'dzikomo. Pakati pawo, monga pakati pa mtundu uliwonse, pali odwala matenda aakulu a muubongo: schizophrenia, imene imamvetsa munthu mawu amene ena sakumva ndi kumukhulupiritsa zinthu zimene palibe, bipolar, imene imamukweza m'mwamba kenako n'kumuponya pansi, ndi kukhumudwa kwakuya kumene kumamulepheretsa ngakhale kudzuka pamphasa.

Zimene mayi aja anachita mwaulere, ku America ndi ntchito ya setifiketi ndi malipiro. Amaitcha peer support. Munthu amene anadwalapo, n'kupeza bwino mokwanira kuima payekha, amaphunzitsidwa kenako n'kulembedwa ntchito yoyenda ndi anzake amene akadali pakati pa dziwe. Ine ndiwatcha operekeza, poti ndiyo ntchito yawo yeniyeni. Chigawo cha Georgia ndicho chinayamba kuwalipira kudzera ku Medicaid, thumba la boma lolipirira chithandizo cha anthu ochepekedwa, mu 1999. Mu 2007 ofesi ya boma lalikulu yoyang'anira thumbali inalembera zigawo zonse kalata yovomereza njirayi. Koma California, kumene kuli Alatino oposa 15 miliyoni, ochuluka kuposa chigawo china chilichonse, inadikira mpaka 2020 kuti ikhazikitse lamulo lopereka masetifiketi kwa anthuwa. Zaka 21 pambuyo pa Georgia.

Mfundo yanga ndi yakuti Mlatino wodwala matendawa sakuvutika chifukwa choti m'dzikomo mulibe mankhwala. Mankhwala ali tho. Chimene chikumupha ndi mtunda umene uli pakati pa khomo la nyumba yake ndi khomo la dokotala, ndipo amene amaudziwa mtundawo ndi amene anauyendapo akudwala. Munthu ameneyo ayenera kulembedwa ntchito, kulipidwa ngati wantchito weniweni, ndi kusiyidwa kuti agwire ntchito yakeyo. Akangomusandutsa chigamba chotchipa chotsekera pamene pakusowa madokotala, zonse zathera pomwepo.

Mtundawo umayamba ndi chiyankhulo. Mwendo wothyoka umaoneka pa chithunzi, malungo amaoneka m'magazi, koma matenda a muubongo amapimidwa ndi mawu basi. Dokotala amafunsa, wodwala amayankha. Kafukufuku wa bungwe la American Psychological Association wa 2015 anapeza kuti akatswiri a zamaganizo amene angathandize munthu m'Chisipanishi anali 5.5 pa 100 alionse. Lamulo limati chipatala cholandira ndalama za boma chipereke womasulira, inde, koma nthawi zambiri womasulirayo ndi mawu otuluka m'foni yoikidwa patebulo, ndipo pena banja limangotenga mwana wasukulu amene amadziwa Chingerezi. Taganizani mtsikana wa zaka 12 akuuzidwa kuti afunse mayi ake omubala ngati anaganizapo zodzipha. Mayiwo ayankha chiyani pamaso pa mwana wawo? Akana, dokotala alemba kuti zonse zili bwino, ndipo anthu abwerera kunyumba ndi katundu amene anabwera naye.

Ndiye pali mawu enieniwo. M'Chisipanishi mawu akuti loco amaluma ngati mmene amalumira akuti wamisala kwa ife. Banja silinena kuti mwana wathu ali ndi schizophrenia. Limati akudwala nervios, mawu otakata amene amakwanamo nkhawa, kusowa tulo, kunjenjemera, mpaka kusokonezeka kwenikweni. Madokotala a ku America anachita kuwavomereza mawuwa m'buku lawo lalikulu lopimira matenda a muubongo la 2013, pamodzi ndi ataque de nervios ndi susto, mayina ena a Chisipanishi a matenda a nkhawa ndi mantha, pafupi ndi kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso, kwa anansi athu Achishona. Koma kuwalemba m'buku ndi kwina, kudziwa kulowa nawo m'nyumba ya munthu ndi kwinanso. Woperekeza wabwino sayamba ndi kuwongola agogo kuti ayi, si nervios, dzina lake ndi lakutilakuti. Amati, "Inenso nervios anandigwira, ndinagonekedwa kawiri." Amadziwanso kuti kwa munthu wamkulu amati usted, osati tú, monga mmene ife timasiyanitsira inu ndi iwe, ndi kuti khofi akaperekedwa samakanidwa. Tinthu timeneti timaoneka tachabe kwa wolemba malipoti. Ndi tomwe timachititsa kuti chitseko chidzatsegulidwenso ulendo wachiwiri.

Chitsanzo chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi cha ku Chicago. Mzindawu uli ndi Alatino ambiri: a ku Mexico ku Pilsen ndi ku Little Village, kumene eni ake amati La Villita, ndi a ku Puerto Rico ku Humboldt Park. Mu 2012 meya Rahm Emanuel anatseka zipatala zazing'ono 6 mwa 12 za matenda a muubongo zimene mzindawu unkayendetsa. M'zaka zotsatira gulu la Patrick Corrigan wa ku Illinois Institute of Technology linakonza pulogalamu ya operekeza. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti sanaikonzere mu ofesi n'kukaitula kwa anthu. Pagulu lokonzalo panakhala Alatino amene iwo eni anali odwala. Kenako anaiyesa pa anthu 110, ena n'kupatsidwa woperekeza, ena n'kupitiriza ndi chithandizo cha masiku onse, powasankha mwa maere, kwa chaka chathunthu. Zotsatira zinatuluka mu 2018: amene anali ndi operekeza ankapangana masiku ambiri ndi madokotala ndipo ankafikadi, komanso ankanena kuti moyo wawo ukuyenda bwinopo ndipo akumva kuti ali ndi mphamvu pa za moyo wawo.

Kuti timve chimene chili kuseri kwa mawu akuti ankafikadi, tiyerekeze bambo wina wa ku La Villita. Akumwa olanzapine, mawu aja achepa, koma thupi lanenepa ndipo ludzu silikutha. Pachitseko cha firiji pamatidwa kalata ya Chingerezi imene yakhalapo milungu itatu. Palibe amene waiwerenga bwinobwino, ndipo onse akuiopa, chifukwa m'nyumba zambiri za obwera envelopu ya ofesi sibweretsa zabwino. Woperekeza afika, aiwerenga, apeza kuti ndi yowaitana kukayezetsa shuga ndipo tsiku lake linadutsa kale. Aimba foni, adikira mphindi makumi awiri akumvetsera nyimbo, apangana tsiku lina. Usiku woti mawa ndi ulendo awakumbutsa kuti asadye kanthu m'mawa. Akwera nawo sitima ya Pink Line, ndipo ali m'sitimamo alemba limodzi mafunso atatu papepala, chifukwa amadziwa kuti munthu ukangokhala pamaso pa dokotala mutu umayera. M'chipinda muja iye akhala chete, ayankhule ndi mwini thupi. Potuluka ndiye afunsa, "Mwamva chiyani pa zimene anena, bambo? Tandiuzani m'mawu anu." Palibe chozizwitsa chilichonse pamenepa. Koma chotsani munthu mmodziyu, kalata ija ikhalabe pafiriji mpaka shuga adzadye phazi.

Otsutsa alipo, ndipo si opusa. Mu 2014 ofufuza a ku London anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 18 wa mapulogalamu oterewa n'kupeza kuti umboni woti amachepetsa kugonekedwa m'chipatala kapena zizindikiro za matenda ndi wofooka. Chimene chinaonekako pang'ono ndi chiyembekezo ndi kudzidalira. Leopoldo Cabassa, amene wathera zaka zambiri pa thanzi la Alatino odwala matendawa, anayesa magulu otsogoleredwa ndi odwala anzawo othandiza anthu kuchepetsa thupi ku New York ndi ku Philadelphia, ndipo zotsatira za 2021 sizinasonyeze kusiyana koonekeratu ndi amene sanalowe m'maguluwo. Ngakhale za ku Chicago zija, anthu 110 a mumzinda umodzi si dziko lonse. Amene amagulitsa njirayi ngati mankhwala ochiza chilichonse akunama, ndipo bodza lawolo lidzaigwetsa.

Koma onani muyeso umene tikugwiritsa ntchito. Tikumufunsa woperekeza ngati wathetsa mawu a m'mutu, ntchito imene ngakhale mankhwala amaigwira mwatheka. Bungwe la WHO limati anthu odwala matenda aakulu a muubongo amafa zaka 10 mpaka 20 msanga poyerekeza ndi anzawo, ndipo chimene chimapha ambiri si misala. Amafa ndi mtima, shuga, mapapo, matenda amene akanagwidwa msanga akanakhala kuti munthu anafika kuchipatala. Mankhwala ena amphamvu, olanzapine ndi clozapine makamaka, amanenepetsa ndi kukweza shuga, pamene Alatino ndi kale lomwe shuga amawagwira kwambiri kuposa azungu a m'dzikomo. Ndiye ngati woperekeza wachititsa kuti munthu afike pa tsiku lake, wagwira pamene pali imfa penipeni. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Mwambiwu umawanyoza pang'ono anthu amene ndikuwanenawa, sindikukana, koma umavomereza chinthu chimene zipatala zinatenga zaka zambiri kuti zivomereze, chakuti amene mumamuyesa wosadziwa kanthu waona zimene inu simunaone.

Pamene ndimasiyana ndi ambiri okonda njirayi ndi pa nkhani ya banja. Ganizo la odwala kuthandizana okhaokha linakula ku America m'zaka za m'ma 1970, pakati pa anthu otuluka m'zipatala zikuluzikulu za misala, monga Judi Chamberlin, amene anatsekeredwapo mokakamizidwa. Nkhondo yawo inali yoti munthu azidzisankhira yekha, ndipo kawirikawiri amene anasaina kuti atsekeredwe anali achibale. Choncho maphunziro ambiri a operekeza amatsindika za iwe wekha: zolinga zako, ufulu wako, nyumba yako. Ndi mfundo zabwino, zinagulidwa ndi misozi. Koma Mlatino wodwala schizophrenia kawirikawiri amakhala ndi makolo kapena abale ake m'nyumba imodzi, ndipo amene amasunga botolo la mankhwala ndi mayi ake. Steven López ndi anzake anapeza mu 2004 kuti m'mabanja ochokera ku Mexico, chikondi choonekera cha achibale ndicho chinkagwirizana ndi kusabwereranso kwa matenda, pamene m'mabanja a azungu chimene chinkalosera kubwerera kwa matenda chinali kudzudzula. Mu 2012 Alex Kopelowicz, ku Los Angeles, anasonyeza kuti kusonkhanitsa mabanja angapo olankhula Chisipanishi pamodzi, m'njira yokonzedwa mogwirizana ndi chikhalidwe chawo, kunathandiza odwala kumwa mankhwala mosadukiza ndi kugonekedwa mochepa. Pulogalamu imene ingafike panyumba yotere n'kuwauza mayi kuti adikire panja yaluza isanayambe.

Pamenepa California, ngakhale inachedwa, inachita chanzeru: lamulo lake limalola kuti kholo kapena wachibale amene anadwazikapo matendawa nayenso akhale woperekeza. Bungwe la NAMI, la odwala matendawa ndi mabanja awo, limene linayamba mu 1979 ku Madison, Wisconsin, nalonso lili ndi maphunziro a Chisipanishi a mbali zonse ziwiri, De Familia a Familia a achibale ndi De Persona a Persona a odwala eni ake. Ndingowonjezera kuti banja si mngelo. Banja lomwelo limene limadyetsa ndi limene limabisa wodwala kuchipinda alendo akabwera, kapena kumuletsa mankhwala chifukwa abusa anena kuti wachira. Woperekeza ayenera kudya nawo pamodzi, koma akumbukire amene anamubwerera.

Vuto lina ndi dzina lomweli la Latino, limene limaphimba anthu osiyana kwambiri. Wa ku Puerto Rico ndi nzika ya America chibadwire, kuyambira 1917. Wa ku Guatemala amene anawoloka chipululu wapansi akhoza kukhala wopanda pepala lililonse, ndipo Chisipanishi chikhoza kukhala chiyankhulo chake chachiwiri, choyamba chili K'iche' kapena Mam. M'minda ya sitiroberi ya ku Oxnard, ku California, muli anthu ochokera ku Oaxaca, ku Mexico, amene amayankhula Mixteco. Bwana wa chipatala amene walemba woperekeza mmodzi wodziwa Chisipanishi n'kuganiza kuti wamaliza, ali ngati munthu amene watuma Mchewa kukamasulira mlandu wa Chitumbuka poti onse ndi Amalawi.

Tsopano ndalama, pamene pagona mkangano wonse. M'malo ambiri operekeza amalandira malipiro otsika, ndipo ambiri amalembedwa maola ochepa ngati aganyu. Ena amachita kukana maola owonjezera poopa kuti akapitirira malire a ndalama ataya chithandizo cha boma cha olumala, chomwe chimawagulira mankhwala awo omwe. Wodziwa ziyankhulo ziwiri ndiye amavutika kawiri. Namwino akasowa womasulira amamukoka. Pakasowa woyendetsa galimoto amamukoka. Choipa kwambiri, ena amamutuma kukawerenga mapilisi m'botolo la wodwala n'kudzanena ku ofesi. Tsiku limene wodwala adzazindikire kuti mnzake uja ndi kazitape wa dokotala, sadzamuuzanso kuti wasiya mankhwala chifukwa amupha mphamvu m'nyumba, pomwe chinsinsi chimenecho ndicho chikanathandiza kuti amusinthire ena. Ndipo tisaiwale kuti woperekezayo ndi wodwala nayenso. Amamva nkhani zofanana ndi zake tsiku lonse. Popanda womuyang'anira amene amaimvetsa ntchitoyi, ndi masiku opuma akayamba kudzimva kuti sizili bwino, tikumutuma kukatunga madzi ndi chidebe chobooka.

Setifiketi nayo ili ndi minga yake. Ku California munthu amafunika zaka 18, maphunziro a maola 80, mayeso, komanso pepala lakuti anamaliza sekondale. Ndikumvetsa chifukwa chake, Medicaid silipira popanda mapepala. Koma mayi amene anasiyira sukulu ku pulayimale kumudzi kwawo ku Michoacán, ku Mexico, amene azimayi onse a kutchalitchi amathamangira kwa iwo mwana akayamba kuyankhula yekha, sangadutse pachipata chimenecho. Mayi anga a pabenchi aja sakanadutsanso. Alatino anali kale ndi mwambo wa ma promotora, azimayi a m'dera ophunzitsa anzawo za umoyo khomo ndi khomo, ndipo ndikuona kuti njira yolowera ntchitoyi iyenera kukumana ndi mwambo umenewo pakati, osati kuyembekeza kuti onse abwere ndi satifiketi ya sukulu.

Ife sitili alendo pa zimenezi. Pa nkhani ya HIV tinaona ma expert client m'zipatala za ma ARV, anthu omwa mankhwala amene ankalangiza oyamba kumene ndi kulondola osiya, ndiponso amayi a mothers2mothers amene ankagwira dzanja amayi oyembekezera atangomva zotsatira. Aliyense amene anakhalapo pamzere umenewo akudziwa kuti mawu akuti "inenso ndimamwa" ankachita zimene chikwangwani chilichonse chinalephera. Akudziwanso mmene anthuwo ankalipidwira.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti nyumba yonseyi yamangidwa pa Medicaid, pamene munthu wopanda mapepala Medicaid ya boma lalikulu simulipirira, kupatula pangozi yadzidzidzi. Ndiye kuti amene ali kutali kwambiri ndi khomo la dokotala ndi amenenso woperekeza sangalipidwe pomuyendera. California inayesa kutseka mpata umenewu ndi ndalama zake, ndipo kuyambira January 2024 aliyense wochepekedwa ankatha kulowa mu Medi-Cal, Medicaid ya ku California, posayang'ana mapepala. Pasanathe zaka ziwiri bajeti inathina, ndipo anagamula kuti kuyambira January 2026 akuluakulu opanda mapepala asalembedwenso atsopano. Nambala ya 988, yoimbira munthu akasokonezeka maganizo kapena akaganiza zodzipha, imene inayamba mu July 2022, ili ndi oyankha m'Chisipanishi munthu akadina 2, ndipo ndi yabwino pa usiku woipa, koma foni sikwera nawe sitima.

Pamwamba pa izo pali mantha. Mu January 2025 boma linachotsa lamulo limene linkaletsa apolisi oona za olowa m'dziko kugwira anthu m'zipatala, m'masukulu ndi m'matchalitchi. Kwa munthu wathanzi imeneyi ndi nkhani yodetsa nkhawa. Kwa munthu amene matenda ake enieniwo amamuuza kuti pali anthu akumulondola, ndi chinthu china. Kwa zaka zambiri achibale ndi madokotala akhala akumuuza kuti galimoto yaima panjayo ilibe naye kanthu. Lero mayi ake omwe ndi amene akusuzumira pakatani. Dokotala amene sakhala m'deralo adzalemba kuti matenda akula n'kuwonjezera mankhwala. Woperekeza amene amakhala misewu iwiri kuchokera pamenepo akhoza kumuuza kuti galimoto yoyera ija ndi ya wokonza mapaipi, amaidziwa, koma ya Lachiwiri ija inali yeniyeni, ndipo iye mwini woperekezayo adzabwera Lachinayi kudzamutenga 8 koloko, adzagogoda katatu.